Eddie Robinson wa ku Grambling, Mphunzitsi Amene Ankajambula Yekha Mizere ya Bwalo

Mpira umene anthu a ku America amaukonda kwambiri amaunyamula m'manja ndi kuuponya, ndipo timu ya osewera 11 imapatsidwa mwayi kanayi kuti iusunthe mayadi 10 kulowera kumbali ya anzawo. Pafupifupi osewera onse a mu ligi yaikulu ya NFL amachokera m'matimu a m'makoleji, choncho mphunzitsi wa timu ya pakoleji amakhala ndi udindo waukulu: ndiye amafufuza anyamata aluso m'masekondale, kuwapezera malo pasukulu ndi kuwakonzekeretsa kuti matimu olipira adzawasankhe. Eddie Robinson anagwira ntchito imeneyi pasukulu imodzi yokha kuyambira mu 1941 mpaka mu 1997.

Robinson anabadwa pa 13 February 1919 ku Jackson m'chigawo cha Louisiana, bambo ake ali mlimi wolima munda wa eni ndipo mayi ake akugwira ntchito ya m'nyumba. Anakulira ku Baton Rouge, ndipo anaphunzira ku Leland College kumene ankasewera pamalo a quarterback, wosewera amene amalandira mpira poyamba ndi kusankha woti amuponyere. Ali ndi zaka 22, Ralph W. E. Jones anamulemba ntchito pasukulu ya anthu akuda yotchedwa Louisiana Negro Normal and Industrial Institute, yomwe inasintha dzina mu 1946 kukhala Grambling College.

Aphunzitsi a masiku ano ali ndi gulu la owathandiza, wina woyang'anira otchinga, wina oponya mpira, wina za umoyo wa osewera. Robinson analibe ndi mmodzi yemwe. Ankajambula yekha mizere ya bwalo, ankamanga mabandeji m'akakolo a anyamata masewera asanayambe, ankaphunzitsanso basketball, ndipo masewera akatha ankakhala pansi kulemba nkhani yake n'kuitumiza ku nyuzipepala. M'mamawa ankayenda m'zipinda zogona za osewera akuliza belu kuti adzuke, akadye ndi kupita m'kalasi. Chaka choyamba anagonja kambiri kuposa m'mene anapambanira, koma mu 1942 timu yake inapambana masewera onse popanda timu ina iliyonse kupeza ngakhale pointi imodzi.

Malamulo a tsankho a kummwera kwa America sankalola mwana wakuda kuphunzira kapena kusewera m'mayunivesite akuluakulu monga Louisiana State University (LSU) ndi Alabama, ndipo n'chifukwa chake anyamata aluso kwambiri a m'deralo ankathera ku Grambling ndi sukulu zina za anthu akuda. Vuto linali lakuti matimu olipira sankakhulupirira kuti kusukulu zoterozo kungachokere wosewera weniweni. Paul Younger wa ku Grambling, amene anatengedwa ndi Los Angeles Rams mu 1949, ndiye anali woyamba kulowa mu NFL kuchokera kukoleji ya anthu akuda, ndipo kuchita bwino kwake kunachititsa kuti ofufuza osewera ayambe kufika ku Grambling. Pambuyo pake kunatuluka Willie Davis, Willie Brown, Charlie Joiner ndi Buck Buchanan, amene Kansas City Chiefs inamusankha poyambirira pa onse posankha osewera a chaka cha 1963 mu AFL, ligi ina yolipira imene inkapikisana ndi NFL. Onse pamodzi, osewera oposa 200 a Robinson anafika m'matimu olipira.

Chimene ine ndimachiona kuti n'chachikulu pa zonsezi ndi nkhani ya quarterback. Kwa zaka zambiri eni matimu ankanena kuti munthu wakuda sangathe kutsogolera timu pamalo amenewa, kotero ankawasamutsira kumalo ofuna liwiro lokha. Robinson anaphunzitsa dala anyamata ake kuponya mpira monga momwe matimu olipira ankafunira, ndipo James Harris ndi Doug Williams anadutsa m'manja mwake. Mu January 1988 Williams anatsogolera Washington kupambana Super Bowl, masewera omaliza olimbirana chikho cha NFL, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa tsikulo.

Pa 5 October 1985, Grambling itagonjetsa Prairie View A&M ku Dallas, Robinson anafika pa masewera 324 opambana, kuposa 323 a mphunzitsi Bear Bryant wa ku Alabama, amene mpaka nthawi imeneyo ankatsogola pa aphunzitsi onse a m'makoleji. Ena ankanyoza chiwerengerochi ponena kuti Grambling sinkakumana ndi matimu akuluakulu, koma ankaiwala kuti kwa zaka zambiri matimu akuluakuluwo ndiwo ankakana kusewera ndi anthu akuda.

Kutha kwa tsankho, ngakhale kunali kofunika, kunafooketsa timu yake. Mayunivesite olemera atayamba kulandira osewera akuda chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, anyamata amene kale akanapita ku Grambling anayamba kupita kumene kunali mabwalo akuluakulu ndi masewera oonetsedwa pa wailesi ya kanema. M'zaka zake zitatu zomaliza Robinson anagonja kambiri kuposa kupambana, ndipo anapuma mu 1997 atapambana masewera 408, kugonja 165 ndi kufanana mphamvu 15. Amene analowa m'malo mwake anali Doug Williams. Robinson anamwalira pa 3 April 2007 ali ndi zaka 88, atadwala matenda oiwalaiwala a Alzheimer's.