Madzi a mchimbudzi akachoka mtauni ya Zomba amathera kuti?

Ambiri ukangokoka tcheni umaona ngati nkhani yatha, koma kwa ife ogwira ntchito za madzi apo ndiye poyambira. Titenge Zomba. Nyumba zolumikizidwa ku mapaipi a suweji zonyansa zake zimatsikira kumalo oyeretsera ku Chikanda, kenako madziwo amakalowa mumtsinje wa Likangala. Nyumba zambiri sizili pa paipi, ndi ma septiki tanki ndi zimbudzi zokumba, koma nazonso mvula ikagwa zosefukira zake zimakapezeka mumtsinje womwewo.

Kuyeretsa suweji si nkhani yothira mankhwala ngati mmene ena amaganizira ayi. Poyamba pamakhala zitsulo zosefera zomwe zimagwira mapepala, majumbo ndi nsanza, kenako madzi amawadekhetsa mmatanki kuti zolemera zikhale pansi. Ntchito yeniyeni amagwira ndi mabakiteriya, tizilombo tabwino tomwe timadya zonyansa zosungunuka mmadzimo. Pena madzi amawazidwa pamwamba pa miyala pomwe tizilomboto timamera, pena amadutsa mmadamu otsatizana ngati aja a ku Kauma ku Lilongwe, komwe dzuwa ndi ndere zimathandiza kupha majeremusi. Tizilomboti timangofuna mpweya ndi nthawi basi. Ukatimana chimodzi mwa izi, kaya pampu yafa, kaya damu ladzadza matope chifukwa papita zaka osalikokolola, madzi amangodutsa nkutuluka pafupifupi mmene analowera.

Ku labu timayeza chinthu chotchedwa BOD, kutanthauza kuchuluka kwa okosijeni yemwe tizilombo tingamalize podya zonyansa zili mmadzimo pa masiku 5. BOD ikakhala yokwera ndiye kuti ntchito yomwe imayenera kuchitika mtanki ikukachitikira mumtsinje, mpweya wa mmadzi umatha, nsomba zimathawa kapena kufa, madzi amada nkumanunkha ngati mazira oola.

Ndiye pali mawu aja oti madzi oyenda sadetsedwa. Mu Febuluwale mtsinje utadzadza zonyansa zimasungunukadi, koma pitani mu Okotobala muone, Likangala amakhala atachepa kwambiri pomwe tauni ikutulutsabe zonyansa zomwezija tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi yomweyi ndi pomwe amayi akumunsi akuchapa, ana akusamba, a madimba akuthirira mpiru ndi tomato zomwe zimabwereranso kumsika wa mtauni momwemo. Izi zimandiwawa chifukwa anthu akumunsiwo ambiri alibe ndi chimbudzi chamadzi chomwe, akungolandira za anzawo.

Chinanso, Likangala amakathira mu nyanja ya Chilwa ndipo Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi amachoka ndi dzuwa, koma michere ngati phosphate ndi nitrate imatsalira, ndipo ikachuluka ndere zimaphuka mopyola muyeso. Iyi ndi nyanja yosaya, inaumapo mu 1995, ndipo mu 1997 inalowa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Ndi komwe kumachokera matemba tikudyawa, komanso asodzi okhala mu zimbowera, timisasa toyandama pa nyanjapo, amamwa madzi omwewo, nchifukwa chake kolera kumeneko savuta kubuka.

Gawo lalikulu pothana ndi vutoli ndi la oyendetsa malo oyeretsera, ndalama zokonzera makina zizipezeka ndipo zotsatira za ku labu anthu azitha kuziona. Koma pakhomo napo zochita zilipo. Mapampasi, mapadi ndi mchenga wotsukira mapoto zimatseka mapaipi mpaka manhole, dzenje lovindikira la mapaipi a suweji, kuphulika pamsewu, oyilo wa ku galaja ndi mankhwala amphamvu amapha mabakiteriya aja. Ndipo mukaitana galimoto yopopa septiki, afunseni bwinobwino kuti akukataya kuti, chifukwa wotchipa kwambiri uja nthawi zina amangokakhuthula mu khwawa usiku, katunduyo osafika nkomwe kumalo oyeretsera.