Kunja kwa mzere wachikasu si njira yodutsira anzanu

Madalaivala ambiri mu Blantyre anazolowera kuganiza kuti kunja kwa mzere wachikasu, m'mphepete mwa msewu, ndi kanjira kapadera kodutsira anzawo magalimoto akathithikana. Ayi ndithu. Mzere umenewu umasonyeza pamene njira ya galimoto yathera. Kunja kwakeko n'koimikako galimoto yowonongeka, ndipo kuno kwathu n'kumene amayenda a kabaza ndi mayi wosenza dengu la tomato, poti alibe kwina kopondako. Minibasi ikathamangira m'menemo madzulo pochokera ku Limbe, imapeza anthu amene sakuyembekezera galimoto kumbuyo kwawo.

Mizere yoyera ya pakati nayo sanaijambule pokongoletsa msewu. Wodukaduka umakulolani kupitirira galimoto ina ngati kutsogolo kukuoneka bwino. Wosaduka umaletsa, ndipo nthawi zambiri umakhala pokhota kapena pachitunda, pamene simungaone amene akubwera. Zitunda pano n'zosasowa, mukudziwa nokha.

Utoto wake ndi wapadera. Amauthira timikanda ting'onoting'ono tagalasi tobweza kuwala kwa nyali za galimoto, n'chifukwa chake mzere watsopano umawala usiku pamene wakale umazimirira, makamaka mvula ikamagwa.

Mizinda ina imapaka msewu weniweniwo. Ku London anayamba mu 2010 kupaka utoto wabuluu njira zina za njinga, kuti dalaivala akangoona mtunduwo adziwe kuti m'menemo mumayenda apanjinga.