Akatswiri osalipidwa amene amasefa kafukufuku asanasindikizidwe

Mlangizi wa zaulimi akauza alimi kuti mbewu yakutiyakuti imapirira ng'amba, kawirikawiri mfundoyo imakhala itachokera m'magazini a kafukufuku. Nkhani siilowa m'magazini otere isanadutse m'manja mwa mkonzi ndi akatswiri awiri kapena atatu a phunziro lomwelo, amene amaiunika mzere ndi mzere, ndipo ambiri mwa iwo salandirapo ngakhale tambala.

Magazini a sayansi anayamba mu 1665, pamene Henry Oldenburg anakhazikitsa Philosophical Transactions ku London, koma chizolowezi chotumiza nkhani iliyonse kwa ounika chinafala m'zaka za m'ma 1900. Mkonzi amayamba waona ngati nkhaniyo ikuyenerera magaziniyo, kenako amafufuza odziwa phunzirolo, ndipo nthawi zambiri mayina a ounikawo amabisidwa kuti alankhule mosapsatira.

Tiyerekeze kuti wofufuza wayesa chimanga chatsopano pa Chitedze, malo a kafukufuku wa zaulimi ku Lilongwe, ndipo walemba kuti chimabereka kwambiri. Wounika wabwino amafunsa kuti mbewuyo inayesedwa nyengo zingati, m'minda ingati, ndiponso ngati chimanga choyerekezeracho chinathiridwa feteleza wofanana. Akaona kuti zonse zinachitika chaka chimodzi cha mvula yabwino, amabweza nkhaniyo kuti ikonzedwe. Apa ndi pamene wounika wakwathu amafunikira kwambiri, chifukwa ndi iye amene amadziwa kuti nthaka ndi nyengo za ku Lilongwe zimasiyana ndi za ku Salima kapena ku Chikwawa, zimene katswiri wa ku Ulaya sangazizindikire pongowerenga manambala. Ntchito yotereyi imatha kudya maola ambiri, ndipo mphunzitsi wa ku Bunda amaigwira usiku kapena Loweruka, atatha kuchonga mayeso a ophunzira ake.

Kusefa kumeneku kuli ndi malire. Nkhani ya dokotala wa ku Britain, Andrew Wakefield, yogwirizanitsa katemera wa chikuku ndi vuto la kakulidwe ka ubongo wa ana lotchedwa autism inadutsa kwa ounika n'kutuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 1998, ndipo inachotsedwa mu 2010, makolo ambiri atayamba kale kuopa katemerayo. Wounika amaweruza zimene wapatsidwa, choncho wolemba wachinyengo angathe kumupusitsa. Komabe kuipa kwa kusaunika kumaonekera m'magazini amene amangofuna ndalama za olemba, n'kusindikiza chilichonse m'masiku ochepa.

Magazini monga Malawi Medical Journal, amene amapezekanso pa intaneti kudzera ku African Journals Online, amadalira anthu odzipereka otere, ndipo akonzi amavutika kuwapeza chifukwa akatswiri athu ndi ochepa komanso otanganidwa. Ine ndikuona kuti mayunivesite athu, amene pokweza munthu paudindo amawerengera kwambiri nkhani zimene wasindikiza, ayenera kuwerengeranso zimene waunika, popeza mkonzi angathe kupereka kalata yotsimikizira ntchitoyo popanda kuulula nkhani imene munthuyo anaunika.