Malipiro akulu paokha sabweretsa moyo wabwino kunja

Zaka zonsezi ndikumvabe nkhani yomweyi, ati posankha dziko losamukira ungoona komwe amalipira ndalama zambiri basi, zinazo zidzayenda zokha. Abale, sizili choncho ayi.

Ndalama imene anthu amatchula ija nthawi zambiri imakhala asanadule msonkho, ndiye ukachotsa msonkhowo, lendi, thiransipoti ndi zotenthetsera nyumba nthawi yozizira yotsala imachepa ndithu, makamaka m'mizinda ngati London komwe kachipinda kamodzi kamadya gawo lalikulu la salale. Ku America chipatala chimadalira kwambiri inshuwalansi, ambiri amaipeza kudzera kuntchito moti ntchito ikatha inshuwalansiyo imathanso kutha. Satifiketi ya unamwino kapena uphunzitsi yochokera kwanu, kunjako sangoivomereza, umayenera kulembetsa kaye, mwinanso kulemba mayeso ena. Viza ya mlendo nayo siyogwirira ntchito, ya Schengen, yoyendera m'maiko ambiri a ku Ulaya, ndi masiku 90 okha pa masiku 180 alionse.

Zonsezi mutha kufufuza nokha, tsegulani webusaiti ya boma la dzikolo muwerenge za viza ndi msonkho, muone lendi ya mumzinda mukuufunawo, kenako muwerengere yotsala pamwezi. Uthenga wa pa WhatsApp umene simunautsimikize chonde musautumize kwa ena, anthu amagulitsa katundu wawo chifukwa chokhulupirira zoterezi.