Kachisi wa Zeus ku Athens: mabwinja kapena malo opempherera?

Pa 21 Januwale 2007, kagulu ka anthu ovala zovala za makedzana kanasonkhana pa mabwinja a kachisi wa Zeus, mulungu wamkulu wa Agiriki akale, pakati penipeni pa mzinda wa Athens, m'dziko la Greece. Unduna wa zachikhalidwe unali utawakaniza, koma iwo anafika ndithu. Anaima m'munsi mwa mizati italiitali ija, naimba nyimbo zakale zotamanda Zeus ndi kupempha mtendere pa dziko, kenako anaulutsa nkhunda zoyera. Kachisiyu anamalizidwa ndi mfumu Hadrian ya Aroma, ndipo anali ndi mizati 104. Lero yoimirira ndi 15 yokha, ina ili chigonere pansi kuchokera pamene mphepo yamkuntho inaigwetsa mu 1852. Gulu lomwe linachita mwambowo, la Ellinais, linkanena chinthu chimodzi: pano si pongojambulira zithunzi alendo, ndi pa nyumba ya mulungu wathu.

Muzu wa mkanganowu uli kutali. M'zaka za 391 ndi 392, mfumu Theodosius ya Aroma inakhazikitsa malamulo oletsa nsembe kwa milungu yakale, ngakhale kufukiza lubani m'nyumba mwako. Mu 529, mfumu Justinian inatseka sukulu ya anthanthi ku Athens. Kachisi wa mulungu wamkazi Athena, wotchedwa Parthenon, anasanduka tchalitchi cha Maria, pambuyo pake mzikiti, mpaka anaphulika mu 1687 asilikali a ku Venice ataombera wonga umene Aturuki ankasungamo. Chimene chimandikhudza koposa ndi zimene zinachitikira dzina lenileni la mtundu wa Agiriki, lakuti Hellene. Mawu akuti Hellene anayamba kutanthauza munthu wachikunja, moti kwa zaka mazanamazana Agiriki achikhristu ankadzitcha Aroma. Munthu kuchita kuopa dzina la agogo ake!

Moto sunazimiretu nthawi imodzi. Anthu a m'mapiri a Mani, kumwera kwa dzikolo, anachedwa kwambiri kubatizidwa, mpaka cha m'zaka za m'ma 800. Ndipo mu mzinda wa Mystras munali mkulu wina wophunzira, Georgios Gemistos Plethon, amene m'zaka za m'ma 1400 analemba mwamseri buku la malamulo ndi mapemphero kwa Zeus ndi milungu ina. Atamwalira, Gennadios Scholarios, yemwe anadzakhala mkulu wa mpingo ku Constantinople, analitentha, nkungotsala zidutswa.

Dziko la Greece litadzuka kumenyera ufulu mu 1821, dzina la Hellene linabwerera ndi ulemu, koma milungu sinabwerere nalo. Zosema ndi akachisi zinakhala chuma cha fuko, pamene chikhulupiriro chinali cha mpingo wa Orthodox, umene malamulo aakulu a dzikolo amautcha chipembedzo chachikulu mpaka lero. Malamulo a mu 1938 ndi 1939, m'nthawi ya ulamuliro wankhanza wa Ioannis Metaxas, analetsa kukopa anthu kulowa chipembedzo china, ndipo ofuna kutsegula nyumba yopempherera ankayenera kupempha chilolezo ku boma, bishopu wa m'deralo atanenapo maganizo ake.

M'zaka za m'ma 1990 ndi pamene otsatira milungu yakale anayamba kuonekera poyera. Mu 1997 kunabadwa bungwe lawo lotchedwa YSEE, ndipo mmodzi mwa oliyambitsa anali wolemba mabuku Vlassis Rassias, amene anamwalira mu 2019. Otsatira milungu yakalewa amadana ndi kutchedwa opembedza mafano, monga ansembe ena a Orthodox amawanenera. Amati chipembedzo chawo ndi cha makolo, cha mtundu wawo. Chaka ndi chaka ambiri amasonkhana m'tsinde mwa phiri la Olympus pa chikondwerero cha Prometheia. Mu 2006 khoti lina ku Athens linavomereza kulembetsedwa kwa Ellinais, ndipo mu 2017 boma linazindikira chipembedzo cha YSEE ngati chipembedzo chodziwika, nkuwalola kukhala ndi nyumba yopempherera yovomerezeka.

Kupembedza kwawo kwenikweni kumachitikira kunyumba, mwakachetechete. Pa kathebulo pakona pamakhala nyali yoyaka ya Hestia, mulungu wamkazi wa pamoto, amene amalandira nsembe yoyamba ndi yotsiriza. Munthu amasamba m'manja, kuika lubani pa khala la moto, kukweza manja m'mwamba ali chiimire, nkutsira vinyo, mkaka, uchi kapena mafuta a azitona m'kambale. Ng'ombe zomwe zinkaphedwa kale pa maguwa a m'mizinda siziphedwanso. Masiku ano amapereka zipatso, maluwa ndi timikate.

Koma akachisi akale adakali m'manja mwa unduna wa zachikhalidwe, pansi pa lamulo loteteza zakale la mu 2002. Boma lili ndi mfundo, sindikana. Miyala ya zaka zoposa 2,000 sifuna utsi, moto ndi chipiringu, ndipo ndi ya Agiriki onse, okhulupirira ndi osakhulupirira omwe. Chondivuta ndi ichi. Masewera a Olimpiki akayandikira, ku Olympia, pafupi ndi kachisi wa mulungu wamkazi Hera, mayi wochita zisudzo amavala ngati wansembe wamkulu, amaitana mulungu Apollo mokweza, nayatsa muuni ndi kuwala kwa dzuwa kudzera pa galasi lokumbika. Mwambo woyatsira moto ku Olympia unayamba mu 1936, ndipo akuluakulu a boma amakhalapo, dziko lonse likuonera. Ngati dzina la Apollo lingatchulidwe pamalopo ndi munthu amene akungosewera, ine sindiona chifukwa chomveka chokanizira anthu ochepa amene amalitchula ndi mtima wonse, malinga ngati awauza tsiku, ola ndi malo oima, ndipo vinyo wawo akutsira m'mbale osati pa mwala.