Chuku mu nsinjiro ndi mu ufa: uthenga kwa ophika pakhomo m'boma la Zomba

Amayi ndi abambo, nkhwani wotendera, futali, chigwada, mfutso wa khwanya ndi phala la mwana lothira nsinjiro ndi zakudya zopatsa thanzi, ndipo palibe amene akuti muzisiye. Nkhawa yathu ili pa mtedza umene ukulowa mumtondo. M'makomo ambiri mtedza wonenepa umapita kumsika wa Jali, Thondwe kapena Songani, pamene wonyala, wosweka ndi wobooka umatsala pakhomo. Amvekere, "Uwu ndi wa nsinjiro." Mu mtedza wotsalawo ndi mmene mumachuluka poizoni wa chuku, ndipo amene amadya kwambiri ndi ana athu omwe.

Poizoniyu ndi wotani?

Mitundu ina ya chuku, makamaka Aspergillus flavus, imakhala m'nthaka ndipo imagwira mtedza, chimanga, mapira ndi makaka. Ikapeza chinyezi ndi kutentha imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Akatswiri anamuzindikira pambuyo pa imfa ya nkhukundembo pafupifupi 100,000 ku England m'chaka cha 1960, zimene zinadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wa chuku. Anthunso amafa naye. M'chaka cha 2004, ku Kenya anthu 317 anadwala atadya chimanga chosauma bwino, ndipo 125 mwa iwo anamwalira.

Chimene aliyense wogwira mthiko ayenera kudziwa ndi ichi: moto suchotsa poizoniyu. Kaya mukazinge mtedza mpaka ufiire, kaya phala libwate nthawi yaitali bwanji, aflatoxin amatsala momwemo. Chuku chenichenicho chimafa, koma poizoni amene chasiya kale sapita kulikonse. Ndiponso mtedza ukasinjidwa, diso silingaonenso kuti munali njere zoipa. Nthawi yodziteteza ndi pamene mtedza uli m'lichero, usanalowe mumtondo.

Mmene amapwetekera thupi

Chiwalo chimene chimavulala kwambiri ndi chiwindi. Munthu akadya poizoni wambiri pa nthawi yochepa amasanza, amamva kupweteka m'mimba, maso amasanduka achikasu, ndipo miyendo kapena mimba zimatha kutupa. Mukaona zotere, makamaka ngati adwala anthu angapo odyera mbale imodzi, thamangirani ku chipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo musiye kaye kudya ufa kapena nsinjiro zimene mukuzikayikira. Matenda akakula, achipatala adzakutumizani ku Zomba Central Hospital.

Koma zochitika kawirikawiri ndi zapang'onopang'ono, zosamveka kupweteka. Kudya poizoni wochepa chaka ndi chaka kumayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo chiopsezo chimakula kwambiri kwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B, koyambitsa matenda otupa chiwindi. N'chifukwa chake katemera wa ana wa pa masabata 6, 10 ndi 14 si wojomba: kuyambira 2002, katemerayu muno m'Malawi amatetezanso ku hepatitis B. Kafukufuku waonetsanso kuti ana odya aflatoxin wambiri amakonda kupinimbira. Poizoniyu amadutsa ngakhale mu mkaka wa m'mawere, koma chonde, amayi, musasiye kuyamwitsa. Chofunika kukonza ndi chakudya chimene inuyo mukudya.

Pa lichero

Musanakazinge kapena kusinja, thirani mtedza m'lichero, mukhale poyera pamene pali kuwala. Chotsani njere iliyonse yonyala, yosweka kale, yobooledwa ndi tizilombo, yakuda, yobiriwira kapena ya ufa wachikasu pamwamba. Ing'ambeni ina pakati muone m'kati, poti ina imaoneka bwino kunja kokha. Mukatafuna n'kumva kuwawa, lavulani. Njere zochepa zoipa zimatha kuononga nsinjiro za mphika wonse, choncho musamve chisoni potaya. Tikudziwa kuti pa nthawi ya njala kutaya chakudya kumapweteka mtima, komabe ndi bwino kutendera ndi nsinjiro zochepa zabwino kusiyana ndi kudzaza chipande ndi zokayikitsa.

Zimene mwachotsazo zikwirireni kapena zitentheni. Musapatse nkhuku, mbuzi kapena ng'ombe, pakuti ziweto nazo zimadwala, ndipo poizoni amabwerera kwa inu kudzera mu mkaka. Musafulirenso mowa kapena thobwa ndi chimanga chowola.

Sinjani nsinjiro zokwanira masiku ochepa okha, muzisunge m'chitini chouma chotseka bwino. Ngati mukugula, gulani mtedza wa njere kuti musankhe nokha. Nsinjiro ndi chiponde zogula zosinjasinja simudziwa kuti munalowa mtedza wotani. Chiponde cha m'botolo chikhale ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards.

Pali chizolowezi china chimene tikupempha kuti chithe: kuwaza madzi pa mtedza wa makoko kuti ufewe posenda. Zala zimapuma, inde, koma chinyezi chimenecho n'chimene chuku chimafuna. Sendani mtedza uli wouma.

Za chimanga ndi ufa

Chimanga nachonso chisankhidwe chisanapite kuchigayo. Kukonola, kupeta, kuviika mphale ndi kutaya madzi ake, monga timachitira popanga ufa woyera, kumachepetsa poizoniyu chifukwa wambiri amachoka ndi madeya ndi madziwo. Izi sizikutanthauza kuti mgaiwa ndi woipa. Mgaiwa uli ndi michere yambiri kuposa ufa woyera ndipo ndi wabwino pa phala la mwana, kungoti umafuna chimanga chosankhidwa bwinobwino popeza palibe chimene chimachotsedwa. Madeya a chimanga chowola ndiye oopsa kwambiri, asalowe mumphika. Ufa wochoka kuchigayo uyanikeni pa mphasa uume ndi kuzizira musanauike m'ndowa. Ukachita zibuma kapena kununkha chinyezi, usaphikidwe.

Kuumitsa ndi kusunga

Kuno ku Zomba timakolola nthawi imene chiperoni chayandikira, ndipo madera a m'mphepete mwa phiri, monga Domasi ndi Malosa, amatha kukhala masiku angapo dzuwa osalionetsetsa. Musayanike mbewu pa dothi. Gwiritsani ntchito mphasa, lona kapena thandala, ndipo kukayamba kuwaza mvula anulani msanga, dzuwa likatuluka muyanikenso. Makaka nawo asasiyidwe padenga kuti mvula iziwanyowetsa mpaka kuda.

Mtedza wouma umalira m'makoko mukaugwedeza, ndipo umasungika bwino uli m'makoko momwemo. Chimanga chouma chimathetheka mukachiluma. Njira ina ndi ya mchere: ikani njere za chimanga ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, tsekani, gwedezani, mudikire kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume.

Matumba asakhudze pansi kapena khoma. Asanjikeni pa mitengo m'chipinda chosadontha. Matumba osalowa mpweya, monga a PICS, amateteza ku anankafumbwe, koma muikemo mbewu youma kale. Mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu angakuonetseni kamangidwe kake, ndipo za phala la mwana funsani mlangizi wa zaumoyo tsiku la sikelo.