Mavawelo Si Asanu Paliponse

Tonse tinaimba "a, e, i, o, u" mu sitandade 1, ndipo ambiri tinakula tikuganiza kuti chilankhulo chilichonse chili ndi mavawelo asanu basi. Ayi ndithu. Vawelo ndi liwu lomwe limamveka mpweya ukamatuluka m'kamwa popanda lilime, mano kapena milomo kuutchinga. Chilembo n'chizindikiro chabe. Tayesani kunena "aaa" kenako "iii", mumva lilime likukwera ndipo kamwa likuchepa.

Chichewa chili nawodi asanu, mwayi wathu. Chingelezi cha ku Britain chili ndi pafupifupi 20, koma onsewo amapanikizana m'malembo omwewa. N'chifukwa chake "a" wa mu cat samveka ngati wa mu cake.

Malembo a liwuwa anabweranso mochedwa. Afoinike, anthu akale a m'dera lomwe lero ndi Lebanon, ankalemba ndi malembo 22, onse opanda liwu, ndipo wowerenga ankaikamo yekha mavawelo m'mutu. Agiriki atabwereka malembowo zaka pafupifupi 2,800 zapitazo, anapeza kuti malembo otchedwa aleph ndi ayin akuimira mawu apakhosi omwe iwo analibe, ndiye anangozisandutsa A ndi O. Mpaka lero nyuzipepala za Chiarabu nthawi zambiri sizilemba mavawelo aafupi.